Gitala ya Chipepeso

Kolezani mbaulayo, magetsi awa sabwera msanga. Ndipo inu amene mwandipempha kuti ndikuperekezeni kukasankha gitala, imvani kaye chimene ndakanira, musandiyese wamwano. Ine ndine Bizaliyele, wokonza mawailesi ndi maampulifaya pamsika wa Chinsapo. Zaka makumi awiri ndakhala ndikupuma utsi wa waya, ndipo pa zinthu khumi zimene anthu amabwera nazo akuti zalodzedwa, zisanu ndi zinayi zimakhala kuti mphemvu yafera mkati. Chakhumicho ndi cha Gelesomu.

Gelesomu Nkhwazi anali mnzanga wa kalekale. Gitala ankaidziwa, koma yakeyake analibe. Ankangobwereka ya kutchalitchi, imene inatsala ndi nsambo zinayi. Mkazi wake Enelesi anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati, atangodwala masiku atatu. Tinakamuika kwawo, mudzi wina kuseri kwa Mitundu. Gelesomu sanalire. Anakhala panjerwa tsiku lonse, manja ali pamawondo, akuyang'ana anthu ngati munthu amene akudikira minibasi.

Mwana anali mmodzi, Neliya, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Titaika maliro, a Chikakuda, malume ake a Enelesi, amene anali mwini mbumba, analankhula mosapita m'mbali. Mwana ndi wa kuchikazi, zimenezo aliyense amadziwa. Koma poti anazolowera m'tauni ndipo sukulu anayambira komweko, anati adzamupereka kwa bambo ake tsiku limene chiliza cha Enelesi chidzamangidwe, tsiku lomwelo lomusudzula mkamwini. Chipepeso chimene chinatsala atagula bokosi ndi ndiwo anachimanga m'duku la malemu, n'kumupatsa Gelesomu kuti chikhale poyambira.

Kuyambira pamenepo mnzangayo ankafuna chinthu chimodzi chokha, kukatenga mwana wake. Sankanena ndi misozi. Ankanena mmene munthu amanenera kuti mawa ndi Lachitatu.

Mu Julaye anafika pabenchi yanga, anakhala pa sipika yakufa imene ndimakhazikapo alendo.

"Biza, a Sakwiya akufuna woimba gitala pa bandi yawo ya m'maukwati. Koma akuti ndibwere ndi yanga."

"Ndalama uli nayo?"

"Yochepa."

"Yochepa bwanji?"

"Ingagule matumba asanu a simenti. Chiliza chikufuna khumi ndi awiri, osanena za njerwa ndi mmisiri. Ndikamaisunga ikungofota, simenti ikukwera mwezi ndi mwezi. Ndikagula gitala, maukwati a Ogasiti mpaka Okutobala andikwanira."

Munthu wanzeru akanafunsa kuti ndalama yanji imene mwini wake amaiyeza ndi simenti. Ine sindinafunse. Mutu wanga unali utathamangira kale ku magitala.

Loweruka tinakwera minibasi mpaka mumsewu wa Malangalanga. Shopu yoyamba inali ya magitala atsopano, onyezimira, opachikidwa m'mwamba kuti amphawi asawagwire. Tinafunsa mtengo wa imodzi, tinathokoza, tinatuluka. Yachiwiri inali ndi ofiira aja a m'makatoni, otchipa, amene amapusitsa anthu a kwaya. Ndinamuuza Gelesomu kuti asayang'ane utoto. Gitala umaiyang'ana mmene kalipentala amayang'anira thabwa: kuika diso kumutu kwake, kutsinzina linalo, n'kuona ngati khosi lili lowongoka. Atatu amene ndinayeza onse anali okhota. Mwini shopu anati adzawongoka akazolowera. Ndinamufunsa ngati iyeyo anawongoka atazolowera, ndipo anatithamangitsa.

Cha m'ma thuu koloko, mapazi akutentha, tinalowa m'kashopu ka katundu wakale wochokera kunja, kuseri kwa ogulitsa matayala. Munali mafiriji, mipando ya muofesi, nsapato zosagwirizana. Pakona panali gitala yabuluu yosuluka, yopanda dzina lililonse kumutu, yokalikakalika ngati tebulo la kusukulu. Magetsi anali atazima, ndiye panalibe poyesera.

"Ndiye tiidziwa bwanji?" anafunsa Gelesomu.

"Ika chibwano apa."

Gitala yamagetsi ikakhala yopanda ampulifaya imangonong'ona. Koma ukagunditsa chibwano pathupi pake n'kukhudza nsambo, mawu amadutsa m'mafupa. Thabwa labwino limalira nthawi yaitali, loipa limangoti thi, n'kutha. Ndinayamba ine, ndipo linalira mpaka ndinalimva m'mano. Khosi linali lowongoka. Timizere tachitsulo ta pakhosi tinali tisanadyeke, zomangira nsambo zinali zolimba. Pobayira chingwe panali pogwedera, koma imeneyo kwa ine ndi ntchito ya mphindi zisanu. Kunyansa inanyansa, koma ukaipa dziwa nyimbo.

Gelesomu anaika chibwano, anakhudza nsambo imodzi, anakhala choncho kanthawi.

"Bwanji?" ndinafunsa.

"Ili bwino," anatero.

Ndikufuna mumvetse apa. Gitalayo inalibe kanthu. Ngati mwini wake woyamba anamwalira, anamwalirira kutali kutsidya kwa nyanja, ndipo analibe nafe chifukwa. Inali gitala yabwino imene palibe anaifuna chifukwa cha maonekedwe, yotchipa kuposa onse amene tinaona tsiku limenelo.

Mwini shopu anali bambo wanthabwala, wachipewa cha kapusi, wolongolola ngati wailesi yothyoka batani. Tinanenerera, anaseka, tinayamba kutuluka, anatiitana, mpaka tinakumana pa mtengo umene Gelesomu anali nawo. Ndiye mnzangayo anapisa m'malaya n'kutulutsa duku lobiriwira. Atamasula, ndinaona ndalama zing'onozing'ono, zopindapinda mmene anthu amapindira akamaponya m'mbale pamaliro. Zinkanunkha utsi wa nkhuni zonyowa. Amati safunsa anadya phula, koma ine sindinafunikirenso kufunsa, ndinali nditaona ndi maso. Ndinakhalabe chete, chifukwa gitalayo ndinali nditaikonda. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndimaudziwa.

Mwini shopu anasiya kuseka. Analandira ndalamayo ndi manja awiri, anaimirira, anavula chipewa.

"Pepani, bambo," anatero. "Pepani kwambiri."

Kenako anayang'ana chipewacho m'manja mwake ngati ndi cha munthu wina. Anachivalanso, n'kutiuza kuti katundu akatuluka sabwezedwa.

Titatsika minibasi ku Chinsapo, Gelesomu anakoleka gitalayo kumsana, yokulungidwa m'thumba la feteleza. Kutsogolo kwathu kunkabwera akabaza awiri, aliyense ndi wokwera wake. Atatiyandikira, onse anatsika, anatsitsa okwerawo, n'kuyamba kukankha njinga mitu ili pansi, monga timachitira tikamadutsa pamaliro.

"Kodi pali zovuta?" anafunsa mayi wina amene anatsitsidwa.

"Kaya," anayankha wakabazayo. Anayang'ana uku ndi uku, sanaone masamba pamsewu, sanamve kulira. Atatidutsa anakweranso.

Ine ndinaseka. Gelesomu sanaseke, koma masiku amenewo sankaseka kale.

Ukwati woyamba unali ku Kawale, muholo, masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinapita kukawathandiza mawaya. Gitalayo inalira mokoma, ndikuuzeni, a Sakwiya mpaka anandikwezera chala. Itafika nthawi ya perekaniperekani, woyendetsa mwambo anakuwa kuti akuchikazi abwere, ndalama ziuluke. Anthu anadzuka akuvina. Koma Gelesomu atangolowa ndi nsambo zake, kuvina kunayamba kuchepa. Sikunathe mwadzidzidzi, kunangozilala ngati wailesi imene mabatire akutha. Amayi anayamba kukokera zitenje kumutu. Anthu anapanga mzere osauzidwa, anadutsa akwati ndi mbale yawo, n'kumakaika ndalama zopinda pamapazi a Gelesomu. Aliyense ankanyonyomala pang'ono, n'kubwerera pampando manja ali kumbuyo.

Woyendetsa mwambo anayesa nthabwala ziwiri, palibe anaseka. Mayi ake a mkwatibwi anakhala pansi pasimenti, anatambalala, nsapato zawo zatsopano zili pambali. Nyimbo itatha, anthu anayang'anizana. Mayi aja anadzuka msangamsanga akudzikuntha, n'kuyamba kukalipira a Sakwiya kuti abweretsa nyimbo zanji pa ukwati wa mwana wawo. Nyimboyo inali yomwe ija imene imaimbidwa pa ukwati uliwonse.

Gelesomu anatola ndalamazo kuti akapereke kwa akwati. Mkwati anabisa manja kumbuyo.

"Ayi, achimwene, zimenezo ndi zanu. Zikuthandizeni pa zovutazi."

"Zovuta ziti?" ndinafunsa ine.

Mkwatiyo anangondiyang'ana n'kubwerera kwa mkwatibwi wake.

A Sakwiya anapirira maukwati atatu. Pa ukwati wachitatu anamuitanira Gelesomu kuseri kwa holo n'kumuuza kuti luso ali nalo, koma akalisunge kwina. Ananena akuyang'ana pansi, ndipo pomaliza anamukankhira kandalama m'dzanja.

Ntchito inatha, koma ndalama sinasiye kubwera. Wogulitsa makala ankaima, kutula thumba, n'kumupatsa kenakake. Gogo wina anamutsatira kuchokera pachigayo mpaka pamlatho kuti angomugwira dzanja. Anthu amene sanamuonepo chibadwire ankamupatsa mpando m'minibasi. Onse mawu awo anali amodzi, pepani, ndipo ukawafunsa ankangokuyang'ana ngati wawadzutsa kutulo. Gelesomu ankalandira, kuthokoza, n'kuika m'duku lija.

Kenako kunayamba masamba. M'mawa wina anapeza nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu, zina kumtunda kwa nyumba yake, zina kumunsi, monga timaikira kuti odutsa adziwe kuti pali maliro. Amayi oyandikana naye anabwera ndi nkhuni ndi ufa m'timabeseni. Anawauza kuti palibe wamwalira. Anachotsa nthambizo, anakazitaya kudzala. M'mawa mwake zinalipo zina, zothyoledwa kumene, utomoni ukuchucha. M'dera lonselo munalibe mtengo wa mtundu umenewo.

"Bweretsa kuno chinthucho," ndinamuuza. "Pali waya wagundana."

Ndinanena choncho chifukwa ndi zokhazo zimene ndimadziwa kunena. Ndinaimasula yonse, ndinayang'ana timaginito ta pansi pa nsambo, ndinawotcherera paliponse pamene pankaoneka pokayikitsa. Munalibe chithumwa, munalibe tsitsi, ngakhale mphemvu munalibe. Ndinaibaya pa ampulifaya yanga yoyesera, ndinakweza mawu, osakhudza nsambo. Gitala yotchipa imakhala ndi kaphokoso kake, kong'ung'udza, ndipo nthawi zina imakoka wailesi. Zimenezo ndimazidziwa. Ichi chinali china.

Chinali ngati anthu ambiri akhala pamodzi osalankhula. Wina anatsokomola. Wina anakoka benchi pa dothi. Chapatali chipande chinagunda mumphika waukulu, kawiri, n'kusiya. Ndinatsamira pafupi ndi sipika, ndipo ndinamva kuti onsewo akudikira. Sindingakuuzeni kuti kudikira kumamveka bwanji. Unali masana, msika uli pikitipikiti, wogulitsa chipisi akukazinga pambali panga. Ndinazula chingwe.

Ndinaisunga masiku anayi pansi pa benchi, ndikuganiza kuti mnzanga apumako. Sizinathandize. Ankayenda wopanda kanthu kumsana, koma akabaza ankatsikabe. Tsiku lachisanu anabwera kudzaitenga.

"Gele, tiye tikaibweze, kapena tiitaye mumtsinje wa Lingadzi."

"Si gitalayi, Biza. Waona wekha."

"Ndiye usamalandire ndalamazo."

"Ndinayesa. Amaziika pansi n'kumapita. Akupepesa za Enelesi. Ndinadya chipepeso chake, ndiye chikubwerera kuti ntchito yake ichitike. Palibe choipa pamenepo."

Ndinavomera, chifukwa zinkamveka bwino ndipo ndinkafuna zikhale choncho.

Pofika kumapeto kwa Seputembala ndalama inakwana. Mmisiri wa kumudzi kuja, a Jelemani, amene anamanga ziliza za theka la manda amenewo, anatumiza mndandanda wa zofunika, ndipo tinagula ndendende zimene analemba, osaonjezera ngakhale msomali. Tinapeza kalole kopita ku Mitundu. Tikudikira kuti amalize kupakira, mayi wina wogulitsa nthochi anatula dengu lake patsogolo pa Gelesomu. Anali mayi wamba, wa chitenje cha mpingo, thukuta lili pamphuno. Anagwada, anamupatsa nthochi ziwiri ndi kandalama.

"Pepani, bambo. Mulungu yekha ndiye adziwa."

"Zikomo, mayi."

"Anali sitandade chani?"

Ndinayang'ana Gelesomu. Nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Wani," anayankha.

"Iii, wamng'ono," anatero mayiyo akupukusa mutu. "Ana abwino sakhalitsa."

Anasenza dengu lake. Atayenda mapazi angapo anatembenuka n'kutifunsa ngati tikufuna nthochi.

Ndinaimba foni kumudzi pomwepo. Anayankha a Chikakuda. Neliya anali bwinobwino, ankasewera phada ndi anzake kuseri kwa khola, ndipo sanagone masiku awiri chifukwa chosangalala kuti bambo ake akubwera. Ndinamuuza Gelesomu. Anagwedeza mutu, anasenda nthochi imodzi, anaidya yonse, n'kukwera palole. Gitala anaiika pamiyendo ngati mwana wodwala.

Neliya anatichingamira kumsewu. Anali atatalika, mano awiri akutsogolo atachoka. Anathamangira bambo ake n'kuwakumbatira m'miyendo, ndipo Gelesomu anaika dzanja pamutu pake. Dzanjalo linangokhala pamenepo, losasuntha, ngati laikidwa pa tebulo.

Ntchito ya kumanda inatenga masiku awiri. A Jelemani anali munthu wosalankhulalankhula, wa pensulo kukhutu. Chiliza chinatuluka chokongola, cha masitepe awiri, dzina la Enelesi litalembedwa simenti isanaume. Madzulo a tsiku lachiwiri, dzuwa likadalipo, achibale atabwerera kumudzi kukakonza za mawa, tinatsala atatu tikusonkhanitsa zipangizo. A Jelemani anaima pa katundu wotsala, anachotsa pensulo kukhutu, anaibwezeranso.

"Munagula zoonjezera?"

"Ayi," ndinatero. "Zimene munalemba zomwezo."

"Ine sindiphonya. Ndayamba ntchitoyi ndisanakwatire, ndipo ndikamaliza pamatsala theka la thumba, likachuluka limodzi." Analoza ndi phazi. Panali matumba anayi osatsegula, mulu wa njerwa woyalidwa bwino, mchenga ndi miyala pambali. "Ndipo sindinabe simenti m'chilizamo, gogodani mumve. Koma izi zatsalazi ndi chiliza china chathunthu." Anayang'ananso, akuyeza ndi maso mmene amisiri amachitira. "Chaching'ono koma."

Atazindikira chimene wanena, anatola chikwama chake n'kumapita osatsanzika.

M'mandamo munali zii. Ngakhale njiwa zimene zinkalira tsiku lonse zinali zitasiya. Gelesomu anatenga ndowa, anapita pa mgolo wa madzi a mmisiri, anatunga. Anang'amba thumba loyamba ndi fosholo n'kuthira madzi. Anatunganso. Anachita choncho matumba onse anayi, mosafulumira, mpaka simentiyo inasanduka phala lotuwa likuyenderera m'udzu. Njerwa anaziphwanya imodziimodzi ndi hamala. Ine ndinangoima. Sindinamuthandize ndipo sindinamuletse.

Atamaliza anakhala pansi, manja ali otuwa.

"Sizithandiza izi," anatero. "Abweretsa zina."

"Ndani?"

"Amene akudikirawo. Unawamva, eti?"

Ndinali ndisanamuuzepo zimene ndinamva mu ampulifaya. Ndinangoti ee.

"Chipepeso chimapita kwa mwini maliro, Biza. Akundipatsa ine chifukwa mwanayo ndi wanga." Anapukuta manja pa buluku. "Ndalandira kale. Sindingabweze, eni ake sindikuwadziwa."

"Tiwauze a Chikakuda. Akulu amadziwa zochita."

"Ndikawauze kuti ndinagula gitala ndi chipepeso cha mwana wawo, ndiye anthu akundipepesa za mdzukulu wawo ali moyo? Anena kuti ndinakhwimira. Ndipo mwanayo amva." Anadzuka. "Iwe usadzanene. Ulumbire pano."

Ndinalumbira, pamaso pa chiliza chonyowa.

M'mawa mwake anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango kwa a Chikakuda. Neliya anali atalongedza kale. Yunifolomu, nsapato ndi kope lake zinali m'jumbo, ndipo jumboyo anaikumbatira pamiyendo kuti wina asaiwale kuti iye akupita. A Chikakuda analankhula bwino. Anati mkamwini wawo waonetsa ulemu umene ambiri a m'tauni alibe, anamumasula kuti ndi mfulu, akhoza kukwatira kumene angafune. Kenako anati, monga analonjezera, mwana atengedwe.

Gelesomu anaimirira, manja ali kumbuyo.

"Zikomo, akuluakulu. Koma mwana ndi wanu, monga mwa mwambo. Ine sindimutenga."

Anthu anayang'anizana. A Chikakuda anaseka pang'ono, akuyesa ndi ulemu chabe.

"Iyayi, bambo, tinagwirizana. Tengani."

"Sindimutenga lero, sindidzamutenganso. Ndipo ndikupempha mumuchotse dzina langa kusukulu. Alembedwe Chikakuda. Wina akafunsa, mudziti alibe bambo."

"Mwapeza mkazi wina?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Ndimayendayenda ndi zoimba. Mwana angandisokoneze."

Ananena mosanjenjemera, ngati akuwerenga chikwangwani. Apongozi ake anayamba kulira mokweza. Mlamu wake wina anadzuka kuti amumenye, anthu anamugwira. A Chikakuda anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako analavula pansi n'kunena kuti galu ndi galu ngakhale amange chiliza cha golide. Neliya sanalire. Ankayang'ana bambo ake, kenako ine, kenako bambo akenso, akudikira kuti wina amuuze kuti akulu akuseka.

Tinanyamuka. Anatitsatira ndi jumbo yake mpaka pamsewu waukulu, osaitana, akungoyenda kumbuyo kwathu. Gelesomu sanatembenuke. Ine ndinatembenuka kamodzi, ndipo mpaka lero ndimadandaula kuti ndinatero.

Kuyambira tsiku limenelo zonse zinasiya. Akabaza ankatidutsa akuliza mabelu. Masamba sanaonekenso. Ndinabaya gitalayo pa ampulifaya, inangong'ung'udza monga gitala iliyonse yotchipa. Gelesomu anapeza bandi ina, anthu ankavina mpaka fumbi kobo, palibe anamupatsa kanthu koposa malipiro ake. Iye ankaimba maso ali pakhoma.

Patatha chaka ndi theka anaganiza kuti mwina zinaiwalika. Anagula nsapato zakuda za kusukulu, anandipempha kuti ndimuperekeze kudepoti. Anati sakamutenga, akangomuona, ngakhale chapatali. Anakwera minibasi ya ku Mitundu, ine ndili pawindo. Kondakitala, wamwano ngati anzake onse, anafika pa iye akutukwana za chenje. Anangoti kumuyang'ana, mawu anamuthera. Anabweza dzanja.

"Inu musalipire, bambo," anatero motsitsa. "Mukafike bwino. Mwambo uli mawa?"

Gelesomu anatsika. Nsapatozo anandipatsa ine kuti ndione chochita nazo. Mwezi womwewo anasamukira kumpoto, kumaesiteti a fodya, ndipo amaimba m'mabala a kumeneko mpaka pano. Amandiimbira foni kamodzi pachaka. Safunsa za mwanayo, amangokhala chete mpaka ine nditanena ndekha kuti ali bwino, ndiye amadula.

Ali bwinodi. Chaka chathachi anabwera pabenchi yanga, mtsikana wamtali wa fomu thuu, wa yunifolomu yochapa bwino. Anabwera ku Lilongwe ndi sukulu yawo, ndipo anafunsa anthu mpaka anandipeza. Nkhope ndi ya Enelesi, koma kakhalidwe kosasuntha kaja ndi ka bambo ake. Anakhala pa sipika yakufa ija. Ndinamugulira fanta, sanamwe.

"Ankolo, ndinu amene munawaperekeza kokagula gitala ija?"

"Ndine."

"Agogo amati anandisiya chifukwa cha imeneyo."

Ndinayang'ana waya amene anali m'manja mwanga. Ndinali nditalumbira. Komanso ndinkaopa kuti ndikanena, iye adzafuna kukawafuna, ndipo akadzangowatchula kuti bambo, anthu aja adzayambanso kukoka mabenchi.

"Sindinabwere kudzawafuna," anatero, ngati wamva. "Ndingofuna kudziwa chimodzi. Inali yodula?"

Anafunsa mopanda mkwiyo, maso ali pa ine, manja ali pamawondo. Ndinaona kuti funso limeneli wakhala nalo zaka zonsezi, ndipo anali atakonzeka kulandira yankho lililonse.

"Inali yodula kwambiri, mwana wanga," ndinatero. "Mu Lilongwe monse munalibe ina yoposa imeneyo."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Mapewa ake anatsika pang'ono, ngati watula kanthu.

"Bola," anatero.

Anatenga fanta ija n'kuyamba kumwa.